Mafunso ndi mayankho: kuthetsa msanga ngongole ya galimoto pofuna ina yosamwa mafuta

Mafuta akangokwera mtengo, mwini galimoto yaikulu amayamba kuiyang'ana ndi diso lina. Ndalama za mafuta zimawawa chifukwa timazitulutsa m'thumba sabata ndi sabata, maso akuona. Zimene munthu amataya posintha galimoto ngongole ili mkati sizimveka kuwawa choncho, poti zimabisala m'mapepala, koma kawirikawiri ndi zimene zimakhala zambiri. Malamulo a ngongole amasiyana dziko ndi dziko, choncho pamene tatchula lamulo tatchulanso dziko lake.

Ngongole sindinamalize, koma galimoto ikundithera ndalama. Kodi n'zololedwa kutuluka mu mgwirizano nthawi isanakwane?

Inde, ndipo njira zake ndi zitatu. Mukhoza kulipira zonse zotsala kamodzi n'kamodzi, galimoto n'kukhala yanu, kenako n'kuigulitsa nokha. Mukhoza kupita nayo kwa ogulitsa magalimoto, iwo n'kuigula, n'kutseka ngongole yanu kumene munabwereka, inu n'kutenga ina. Kapena mukhoza kuibweza kwa eni ngongole ngati mgwirizano ndi lamulo la dziko lanu zikulola. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo uyenera kubwezedwa ndi mafuta amene mudzapulumutse, apo ayi mwasintha pachabe.

Mgwirizano wanga ndi wamtundu wanji, ndipo zimenezi zikusintha chiyani?

Dzifunseni kuti galimotoyo ndi ya ndani panopa. Ngati munatenga ngongole wamba kubanki, yopanda chikole, n'kukagula galimoto ndi ndalamazo, galimoto ndi yanu kuyambira tsiku loyamba. Mukhoza kuigulitsa mawa, ngongole n'kumaibweza payokha.

Mu mgwirizano wa hire purchase, galimoto imakhala ya obwereketsa mpaka mutapereka ndalama yomaliza. Mumaiyendetsa, mumaikonzetsa, mumailipirira inshuwalansi, koma simungaigulitse iwo asanavomereze. Mtundu wina wofala kwambiri ku Britain ndi wa PCP. Mwezi ndi mwezi mumalipira zochepa chifukwa gawo lalikulu la mtengo amalikankhira kumapeto, kuti mudzalipereke kamodzi ngati mukufuna galimotoyo idzakhale yanu. Ndalama yaikulu ya kumapetoyi amaitcha balloon, ndipo imapezekanso m'migwirizano yambiri ya ku South Africa. Ndiye pali kubwereka chabe, kumene amati lease. Apa galimoto sidzakhala yanu, ndipo kutulukamo msanga nthawi zambiri ndiko kodula kuposa zonse, chifukwa amakulipiritsani gawo lalikulu la lendi ya miyezi yotsala.

Ndidziwa bwanji ndalama zotsekera ngongole yanga?

Funsani amene anakubwerekani, ndipo ayankhe polemba. Kufunsa sikukukakamizani kulipira. Nambala imene adzakupatseni imagwira ntchito kwa masiku owerengeka, ku Britain nthawi zambiri 28, ikatha mumafunsanso ina.

Musangophatikiza ndalama za miyezi yotsala, ndi balloon ngati ilipo, n'kuyesa kuti ndiyo nambalayo. Iyenera kucheperapo, popeza chiwongoladzanja cha miyezi imene simunaifike amayenera kukuchotserani. Koma sachotsa chonse ayi. Ku Britain, malamulo a mu 2004 okhudza kutseka ngongole msanga amalola obwereketsa kuwerengera chiwongoladzanja cha masiku ofika 58 ngati mgwirizano unali wopitirira chaka. M'mayiko a European Union, lamulo la mu 2008 linaika malire akuti chimene obwereketsa angadule chisapitirire 1 peresenti ya ndalama imene mukubweza msangayo, kapena theka la peresenti ngati nthawi yotsala siikupitirira chaka. Ku South Africa, National Credit Act ya mu 2005 imalola munthu kutseka ngongole nthawi iliyonse. Pa ngongole zazing'ono palibe chindapusa, koma pa ya R250,000 kapena kuposerapo akhoza kukulipiritsani chiwongoladzanja cha miyezi yosapitirira itatu, ndipo mukawadziwitsa pasadakhale miyeziyo imachepa.

Mukaona mawu akuti Rule of 78 mu mgwirizano wanu, chenjerani. Kawerengedwe kameneka kamaunjika chiwongoladzanja kumayambiriro, moti wotseka msanga amabwezeredwa zochepa. Ku America anakaletsa mu 1992 pa ngongole zopitirira miyezi 61, koma kwina kadakalipo.

Ndalipira kwa zaka ziwiri, koma akuti ngongole yotsala ndi yochuluka kuposa mtengo wa galimoto. Zatheka bwanji?

Zinthu ziwiri zimachitika nthawi imodzi, ndipo palibe chokomera inu. Galimoto imatsika mtengo mothamanga m'zaka zoyambirira. Yatsopano imataya gawo la mtengo wake tsiku lomwe yatuluka pageti la ogulitsa. Ngongole nayo imatsika mokwawa m'zaka zomwezo, chifukwa chiwongoladzanja amachiwerengera pa ndalama zotsala, ndipo poyamba zotsalazo zimakhala zambiri. Choncho gawo lalikulu la zimene munalipira m'miyezi yoyambirira linapita ku chiwongoladzanja. Dipoziti ikakhala yochepa, zaka zolipira n'kukhala zambiri, mpata pakati pa ngongole ndi mtengo wa galimoto umakula ndipo umachedwa kutsekeka.

Pali chinanso chimene anthu amaiwala. Mafuta akakwera, si inu nokha amene mukuthawa galimoto yomwa kwambiri. Ofuna kugula zotere amachepa, mtengo wake n'kugwa, pamene zing'onozing'ono aliyense akuzilimbirana. Mumapezeka kuti mwagulitsa motchipa n'kugula modula sabata imodzi yomweyo.

Ndiwerengera bwanji kuti ndione ngati kusinthako kuli ndi phindu?

Apa ndiye pagona nkhani. Popeza mtengo wa mafuta sukhazikika, n'kwabwino kuwerengera zonse m'malita.

Yambani ndi kamwedwe kenikeni ka galimoto yanu. Dzazani tanki mpaka pampu itadziimitsa, lembani makilomita, yendani monga mwa masiku onse, dzazaninso, muone malita amene alowa ndi mtunda umene mwayenda. Chitani zimenezi kangapo, chifukwa tanki imodzi ikhoza kukunamizani. Anthu ambiri amene amati galimoto yawo imamwa sanayesepo. Amangoona muvi wa padashibodi.

Tiyerekeze kuti mumayenda makilomita 15,000 pachaka, ndipo galimoto yanu imamwa malita 9 pa makilomita 100 alionse. Pachaka ndi malita 1,350. Imene mwaisirirayo imamwa malita 6, kutanthauza malita 900 pachaka. Mukupulumutsa malita 450 pachaka, omwe ndi malita 37 ndi theka pamwezi, osakwana n'komwe tanki imodzi.

Tsopano sonkhanitsani zonse zimene kusinthako kukudyereni: mpata wa pakati pa ngongole ndi mtengo umene agulire galimoto yanu, chindapusa chotsekera ngongole, zolipira potsegula mgwirizano watsopano, zosinthira umwini, kusiyana kwa inshuwalansi, ndi chiwongoladzanja choonjezera ngati ngongole yatsopano ndi yaikulu kapena yotalika. Zonsezi zigaweni ndi mtengo wa lita imodzi lero. Tinene kuti zakwana malita 2,700. Pa malita 450 pachaka, mudikira zaka 6 kuti ndalama zanu zingobwerera, phindu lisanayambe. Ambiri safika zaka 6 ndi galimoto imodzi.

Koma munthu wina amene akusintha pakati pa magalimoto awiri omwewa, yemwe amayenda makilomita 40,000 pachaka, monga woyendetsa takisi kapena wogwira ntchito kutali ndi kumene amakhala, amapulumutsa malita 1,200 pachaka. Ndalama zomwezo zimamubwerera m'zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Kwa iyeyu kusintha n'kwanzeru ndithu. Mtunda umene mumayenda ndi umene umagamula kwambiri kuposa mtundu wa galimoto.

Chenjezo limodzi: musayerekeze ndalama za pamwezi zokha. Ngongole yakale mwina yatsala ndi miyezi 18, yatsopano ndi ya miyezi 60. Ngakhale ya pamwezi itatsika, mwadzigulira miyezi 42 yolipira imene mukanakhala opanda ngongole. Komanso galimoto yatsopanoyo iyamba kutsika mtengo mothamanga, pamene yanuyo inadutsa kale zaka zowawazo.

Galimoto ina akuti imayenda makilomita 25 pa lita, yanga 20. Si phindu lalikulu limenelo?

Ndi laling'ono kuposa mmene likumvekera. Pa makilomita 10,000, galimoto ya makilomita 20 pa lita imamwa malita 500, ya 25 imamwa 400. Mwapulumutsa malita 100. Tsopano taonani munthu amene wachoka pa makilomita 8 pa lita n'kufika pa 10 okha: wachoka pa malita 1,250 n'kufika pa 1,000, ndiye wapulumutsa 250. Waonjezera makilomita awiri okha pa lita, koma wapindula kuposa amene waonjezera asanu. Richard Larrick ndi Jack Soll a ku Duke University analemba za chinyengo cha manambala chimenechi m'magazini ya Science mu 2008, ataona kuti anthu ambiri amasokonezeka nacho. N'chifukwa chake kuyeza malita pa makilomita 100 n'kothandiza kwambiri. Ngati galimoto yanu ndi yosamwa kale, palibe chambiri choti mupulumutse posintha.

Mukamawerenga manambala a mpg, kutanthauza mamailosi pa galoni imodzi, onaninso dziko limene achokera. Galoni ya ku Britain ndi malita pafupifupi 4.55, ya ku America ndi 3.79, moti galimoto imene ku America amati 40 mpg, ku Britain ikhala ya 48.

Kodi manambala amene opanga magalimoto amalemba ndi odalirika?

Ndi othandiza poyerekeza galimoto ina ndi inzake, koma musawerengere bajeti yanu pamenepo. Amawapeza poyesa galimoto m'nyumba yoyesera, osati pamsewu. Ku Ulaya, njira yakale ya NEDC inkapereka manambala okometsera kwambiri, ndipo kuyambira mu 2017 inayamba kulowedwa m'malo ndi ya WLTP, imene ili pafupiko ndi zenizeni. Ngakhale zili choncho, lipoti la European Commission la mu 2024, lochokera pa zida zoyezera mafuta za m'magalimoto olembetsedwa mu 2021, linapeza kuti a petulo ndi a dizilo ankamwa pafupifupi 20 peresenti kuposa zolembedwa. A hybrid (oyendera mafuta ndi batire) otchaja pamagetsi ankatulutsa utsi wochuluka pafupifupi katatu ndi theka kuposa zolembedwa, makamaka chifukwa eni ake sankawatchaja pafupipafupi.

Cholakwika chofala ndi kuyerekeza kamwedwe kenikeni ka galimoto yanu ndi nambala ya pakapepala ya inayo. Mukatero phindu limaoneka lalikulu kuposa mmene lidzakhalire. Funsani amene ali nayo kale galimoto yotero, ndipo akhale oyenda misewu yofanana ndi yanu.

Ndinamva kuti ndikalipira theka ndikhoza kungobweza galimoto n'kuchoka. N'zoona?

Ku Britain n'zoona. Ndime 99 ndi 100 za Consumer Credit Act ya mu 1974 zimapatsa munthu wa hire purchase kapena PCP ufulu wothetsa mgwirizano n'kubweza galimoto, ndipo chimene angafunsidwe sichipitirira theka la ndalama zonse za mgwirizanowo. Amautcha voluntary termination. Kwa munthu amene ngongole yake yaposa mtengo wa galimoto, iyi ikhoza kukhala njira yotchipa kuposa zonse, chifukwa mpata uja umatsala ndi obwereketsa.

Theka limeneli si theka la miyezi, ndiponso si theka la mtengo wa galimoto. Ndi theka la zonse: mtengo, chiwongoladzanja, zolipira zina, ndi balloon yomwe. Dipoziti amaiwerengera ngati gawo la zimene mwalipira. Tigawe ndalama zonse m'magawo 100, dipoziti ikhale magawo 10, mgwirizano wa miyezi 48. Mu hire purchase magawo 90 otsalawo amafalikira m'miyezi yonse, ndipo theka mumalifika mwezi wa 22. Mu PCP imene balloon yake ndi magawo 40, mwezi ndi mwezi mukulipira pa magawo 50 okha, ndiye theka mumalifika mwezi wa 39, mgwirizano uli pafupi kutha kale. Ngati simunafike theka mukhoza kuthetsabe, bola mulipire chotsalacho. Mukakhala kuti mwapitirira theka, choonjezeracho sabweza.

Galimoto iyenera kukhala yosamalidwa bwino, apo ayi amakulipiritsani zowonongeka, choncho ijambuleni mbali zonse tsiku loibweza. Miyezi imene munaphonya imakhalabe ngongole. Makampani ena amafunanso ndalama za makilomita opitirira amene munagwirizana, ndipo mikangano yotere imathera ku Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo a zandalama. Lembani kalata yonena momveka kuti mukugwiritsa ntchito ufulu wa pa ndime 99, ndipo musasaine pepala lolembedwa voluntary surrender, chifukwa limenelo ndi lina: amagulitsa galimoto, ngongole yotsala n'kukhalabe yanu. Ufuluwu sukhudza lease kapena ngongole wamba ya kubanki.

Musaganize kuti lamuloli lili paliponse. Ku South Africa, ndime 127 ya National Credit Act imalola kubweza galimoto, koma obwereketsa amaigulitsa, ndipo ndalama zikapanda kukwana ngongole, mumamaliza ndinu.

Wogulitsa akuti adzandilipirira ngongole yonse yakale. Palibe vuto, eti?

Funsani kuti ndalamazo zikuchokera kuti. Ngati galimoto yanu ili ndi mtengo woposa ngongole, zili bwino: amatseka ngongoleyo, chotsala n'kukhala dipoziti yanu. Ngati ngongole ndi imene ikuposa, kusiyanako sakukhululukirani. Amakuphatikiza ku ngongole yatsopano, kapena amakubisa mu mtengo wa galimoto imene akukugulitsaniyo. Mlandu suwola, ngongole nayonso chimodzimodzi. Mudzakhala mukulipirira galimoto imene mulibenso, ndi chiwongoladzanja pamwamba, ndipo mgwirizano watsopanowo mumauyamba muli kale m'dzenje.

Pemphani manambala anayi olembedwa padera: mtengo umene akugulira yanu, ndalama zotsekera ngongole, mtengo wa yatsopanoyo mukanagula ndi ndalama pamanja, ndi ndalama zonse zimene mudzakhale mutalipira pofika kumapeto. Wogulitsa amene amangobwerera ku funso lakuti mungakwanitse zingati pamwezi akupewa nambala yachinayiyi. Akatseka ngongole yakale, funsani kalata yotsimikizira kuchokera kwa obwereketsa eni ake, ndipo musasiye kulipira isanafike.

Bwanji ndingoigulitsa ndekha kwa munthu?

Nthawi zambiri mumapezako zambiri kuposa kwa ogulitsa magalimoto, amene ayenera kudyapo. Koma ngati galimoto idakali ya obwereketsa, kuigulitsa mobisa ndi mlandu. Uzani wogulayo zoona, alipire ndalama zotsekera ngongole mwachindunji kwa obwereketsa, chotsala apereke kwa inu.

Ndisinthire ku dizilo, hybrid, kapena yamagetsi?

Zimadalira kumene mumayenda. Lita ya dizilo ili ndi mphamvu zambiri kuposa ya petulo, ndipo injini yake imagwiritsa ntchito bwino mphamvuzo, choncho pa maulendo ataliatali dizilo ndi wosamwa. Koma magalimoto a dizilo amakono ali ndi sefa yogwira mwaye imene imafuna kutentha kwa ulendo wautali kuti idziyeretse. Mukamangoyenda timaulendo ta m'tauni imatsekeka, ndipo kuikonzetsa kukhoza kudya zonse zimene munapulumutsa.

Hybrid ndi yosiyana. Imapindula kwambiri pamene mukuima n'kunyamuka, chifukwa pomanga mabuleki imabweza mphamvu m'batire, ndipo injini imazima mukaima. Pamsewu waukulu pa liwiro lokhazikika phindu lake limachepa. Luso limeneli si lachilendo, poti Toyota Prius inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997. Mukamagula yakale, yezetsani batire lake lalikulu musanalipire.

Yamagetsi imatchipa kuyendetsa makamaka kwa amene angaitchaje panyumba, magetsi n'kukhala odalirika. Mtengo wogulira ndi umene umakweza ngongole, choncho masamu aja muwachite mosamala kwambiri.

Kodi ndingachepetse mafuta pa galimoto imene ndili nayo kale?

Kwambiri, ndipo mosalipira chilichonse. Unduna woona za mphamvu ku America umati kuyendetsa mwaukali, kuponda moto n'kumanga mabuleki mwadzidzidzi, kumachepetsa mtunda wa pa lita ndi 15 mpaka 30 peresenti pamsewu waukulu, ndi 10 mpaka 40 peresenti m'misewu yodzaza. Mphepo imene galimoto imalimbana nayo imakula kanayi liwiro likawirikiza kawiri, ndiye kuchepetsako liwiro pa ulendo wautali kumaoneka patanki. Pimani mpweya wa m'matayala asanatenthe, chotsani zonyamulira katundu padenga ngati simukuzigwiritsa ntchito, tsitsani katundu wongokhala m'buti, ndipo musasiye injini ikulira mukudikira munthu. Injini yozizira imamwa kwambiri, choncho timaulendo ting'onoting'ono tiphatikizeni tikhale ulendo umodzi.

Galimoto ikayamba kumwa mwadzidzidzi kuposa kale, pitani nayo kwa makaniko musanaganize zoigulitsa. Mabuleki ogwira, mapulagi otha, matayala osalunjika kapena kachida koyeza mpweya wa mu ekizozi kakafa, zonsezi zimakweza kamwedwe, ndipo kukonzetsa n'kotchipa kuposa ngongole yatsopano. Mu chitsanzo chija, kuchoka pa malita 9 kufika pa 8 kukupulumutsirani malita 150 pachaka, gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene galimoto yatsopano ikanakupatsani.

Kodi kutuluka msanga kudzaipitsa mbiri yanga ya ngongole?

Kutseka ngongole polipira zonse sikuipitsa mbiri. Voluntary termination ikhoza kulembedwa m'mbiri yanu, koma osati ngati kulephera kulipira, ngakhale kampani yomweyo ikhoza kuchita mphwayi kukubwerekaninso. Chimene chimawononga ndi kungosiya kulipira n'kudikira kuti abwere adzalande. Galimoto yolandidwa amaigulitsa motchipa pa okushoni, amaonjezera zolipira zawo, ndipo chotsala amakutsatirani nacho. Ngati vuto lenileni ndi lakuti ndalama za pamwezi zakukulirani, lankhulani nawo musanaphonye mwezi. Ambiri amalola kusintha kalipiridwe.

Ine cholinga changa ndi kuchepetsa utsi, osati ndalama zokha. Pamenepa bwanji?

Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa mpweya wa carbon dioxide wolemera pafupifupi makilogalamu 2.3, choncho malita 450 aja ndi tani imodzi ndi pang'ono pachaka. Kupanga galimoto yatsopano kumatulutsa matani angapo, ndipo yanu yakaleyo siifa, wina aziiyendetsabe. Woyenda mitunda italiitali amabweza matani amenewa m'zaka zochepa. Woyenda pang'ono amathandiza kwambiri posunga imene ali nayo n'kuchepetsa maulendo.

Zina zimene ndinagula pamodzi ndi ngongole, monga inshuwalansi yapadera ndi mgwirizano wa sevisi, zitha bwanji?

Sizidzithetsa zokha. Ngati munagula inshuwalansi yotseka mpata wa pakati pa ngongole ndi mtengo wa galimoto ikachita ngozi, kapena yolipira ngongole mukadwala, kapena munalipiriratu sevisi ya zaka zingapo, funsani ngati angakubwezereni za miyezi yotsala kapena kuzisamutsira ku galimoto yatsopano. Ambiri amabweza pokhapokha mutapempha polemba. Inshuwalansi ya galimoto yeniyeniyo musaithetse mpaka tsiku limene galimoto yachoka m'manja mwanu ndipo mwalandira pepala losonyeza kuti wailandira ndani, tsiku liti, ili ndi makilomita angati.